Dryer Ikasiya Kutentha, Yambani Mwafufuza Njira ya Mpweya

 Munandipempha kuti ndilankhule za ntchito yanga yokonza zipangizo zamagetsi za m'nyumba, ndipo pa zonse zimene ndimagwira ndasankhapo chimodzi: makina oumitsira zovala, dryer. Kwathu ku Malawi tinakula tikuyanika pachingwe kapena pa kapinga, dzuwa n'kutimalizira ntchito. Kuno ku Britain, kuyambira October mpaka March, dzuwa limenelo silipezeka, ndipo woyanika m'chipinda amadziitanira chuku pakhoma ndi chifuwa kwa ana. N'chifukwa chake dryer ikafa, foni imalira usiku: yunifolomu ya kuntchito ndi yonyowa, za ana za kusukulu zili m'beseni, mawa ndi Lolemba.

Dandaulo limakhala limodzimodzi: "Ikuzungulira bwinobwino, magetsi akuyaka, koma zovala zikutuluka zozizira." Ndipo ambiri amakhala atagamula kale mlandu asanatsegule n'komwe, amati elementi yapsa. Nthawi zina yapsadi. Koma chimene ndikufuna mupite nacho kunyumba ndi ichi: kachipangizo kamene mukapeze katafa mkatimo kawirikawiri sikamene kayambitsa vuto. Kafa chifukwa mpweya unasiya kuyenda. Mukasintha kachipangizoko osatsegula njira ya mpweya, katsopanoko kadzafanso, ndipo mukakadumphitsa ndi waya kuti kasafenso, chimene chidzapse si elementi ayi, ndi nyumba.

Tiyeni tiyambe tamvetsa mmene makinawa amagwirira ntchito. Muli mota imene imazunguza dramu ndi fani. Muli elementi yotenthetsa mpweya. Ndiye pali njira imene mpweyawo umadutsa: fani imaukoka, umadutsa pa elementi n'kutentha, umalowa m'dramu n'kutenga chinyezi cha zovala, kenaka umadutsa pa sefa n'kutuluka. Elementi ndi waya wopotedwa mozungulirazungulira, wopangidwa posakaniza zitsulo ziwiri, nickel ndi chromium. Anautulukira ndi Albert Marsh wa ku America, amene analandira chiphaso cha umwini wake mu 1906, ndipo waya wamtundu womwewo ndi umene uli mu ayironi, m'ketulo ndi pa hotipuleti. Umatha kufiira osasungunuka, koma pokhapokha ngati pali chinthu chochotsa kutenthako mosalekeza. Mu dryer chinthu chimenecho ndi mpweya woyenda. Mpweya ukachepa, kutentha kumaunjikana pamalo amodzi.

Opanga makina anadziwa zimenezi, ndiye anaikamo alonda awiri. Woyamba ndi thermostat wamba, amene amazimitsa elementi mpweya ukafika pa kutentha koyenera n'kuiyatsanso ukazizirako; amachita zimenezi kambirimbiri pa ulendo umodzi woumitsa. Wachiwiri ndi thermal cut-out, mlonda wa tsiku la tsoka. Iyeyu sachita kanthu masiku onse, amangodikira. Kutentha kukapyola malire, amadula magetsi opita ku elementi n'kukhala chiduliretu. Pa makina ena ali ndi kabatani koti mudine n'kumubwezeretsa. Pa ambiri amafa kamodzi basi, woyenera kugula wina. Tizipangizo tiwiriti ndi tating'ono, tozungulira, tokhala ndi timiyendo tiwiri tolumikizirapo mawaya, ndipo kawirikawiri timakhala pa bokosi la elementi kumbuyo. Zindikirani kuti pa makina ambiri timadula elementi yokha, mota osaikhudza. Ndicho chifukwa dramu imazungulirabe mpweya uli zii.

Musanachite chilichonse, dziwani mtundu wa dryer imene muli nayo, pakuti ilipo itatu. Yoyamba ndi yapaipi, imene imatulutsa mpweya wonyowa panja kudzera pa paipi yoboola khoma kapena yoponyedwa pawindo. Yachiwiri ndi ya condenser, imene ilibe paipi yopita panja. Mpweya wonyowa umadutsa pa bokosi la timapepala tachitsulo, nthunzi imasanduka madzi, madziwo n'kugwera m'thanki imene mumakhuthula. Mitundu iwiriyi ili ndi elementi. Yachitatu, imene yachuluka m'masitolo masiku ano, ndi ya heat pump. Imeneyi imatenthetsa ndi kompuresa ndi gasi monga zimakhalira mu firiji, imadya magetsi pafupifupi theka la zinzake, imaumitsa ndi kutentha kochepa ndipo imatenga nthawi yaitali. Anthu ambiri amene asintha kuchoka pa yakale kupita pa heat pump amadandaula kuti yatsopanoyo sikutentha, chonsecho ili bwinobwino. Ndi chibadwa chake. Komanso ikaikidwa m'galaja yozizira kwambiri nyengo yachisanu imavutika, ndipo buku lake limanena kuzizira kumene singagwire bwino ntchito.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sikuludiraiva iyambe yakhala m'bokosi. Yang'anani kaye pulogalamu imene yasankhidwa. Pali pulogalamu yongopepesa zovala ndi mpweya wozizira, ndipo pali batani lochepetsa kutentha kwa zovala zosachedwa kuonongeka. Mwana akhoza kulidina, inunso mukhoza kuligunda ndi dengu osadziwa. Kumbukiraninso kuti mphindi khumi zomaliza, kapena kucheperapo pang'ono, dryer imazimitsa dala elementi kuti zovala zizizire, choncho wogwira zovala pamapeto sangadziwe ngati munali kutentha. Ikani pulogalamu ya zovala za thonje pa kutentha kwakukulu, dikirani mphindi zisanu kapena khumi, mugwire chitseko kapena mpweya wotuluka. Funso ndi ili: kodi palibiretu kutentha, kapena kutentha kulipo koma zovala zikuchedwa kuuma? Ngati kulipo, kawirikawiri elementi ndi yamoyo ndipo vuto lili pa mpweya kapena pa kuchuluka kwa zovala. Ngati palibiretu, china chake chadula magetsi, ndipo tiyenera kupeza chimene chadula ndi chifukwa chake.

Pano ndiyenera kukuchenjezani za mavidiyo a pa YouTube, popeza ndikudziwa kuti ndi kumene ambiri timathamangira. Ochuluka mwa mavidiyowa ndi a ku America ndi ku Canada, ndipo amayamba ndi langizo lakuti kaoneni breaker ya m'bokosi la magetsi, mwina yagwa mbali imodzi. Kumeneko langizoli ndi loona. Nyumba zawo zimalandira mawaya awiri amoto, aliyense wa ma volt 120. Mota ya dryer imayendera waya mmodzi, pamene elementi imafuna onse awiri pamodzi kuti ipeze ma volt 240. Waya mmodzi akaduka, dramu imazungulira koma kutentha kulibe. Kuno sizili choncho. Dryer yanu imalowa pa soketi wamba ya ma volt 230 ndi pulagi ya fyuzi ya ma amp 13. Fyuziyo ikapsa, zonse zimazima, ngakhale kanyale sikayaka. Choncho ngati dramu ikuzungulira, musataye nthawi ndi fyuzi ya pa pulagi kapena ndi bokosi la magetsi la m'nyumba. Onerani vidiyo ya makina anu enieniwo, osati ya dziko lina.

Tsopano tifike pa mpweya, pamene pagona nkhani yonse. Chovala chilichonse chikamagubuduka m'dramu chimathothoka tiulusi ting'onoting'ono, ndipo tiulusiti timaunjikana n'kukhala ngati ubweya. Sefa ya pachitseko inaikidwa kuti igwire ubweya umenewu, ndipo iyenera kuyeretsedwa nthawi iliyonse mukamaliza kuumitsa, osati pa sabata kamodzi. Komabe sefa ikhoza kuoneka yoyera koma ili yotsekeka. Mankhwala ofewetsa zovala, makamaka timapepala tonunkhira timene anthu amaponya m'dramu, amasiya phula losaoneka pa timabowo ta sefa. Njira yoyesera ndi yosavuta: tengani sefayo, muithire madzi a pampopi. Madzi akadutsa msanga, ili bwino. Akakhazikika pamwamba, ndiye kuti mpweyanso ukuvutika kudutsa. Itsukeni ndi madzi ofunda, sopo pang'ono ndi mswachi wakale, muiumitse musanaibwezere. Kenaka unikani ndi tochi m'dzenje limene sefa imakhalamo. Mmenemo mumatsalira ubweya, timapepala ta m'matumba, ngakhale sokosi ya mwana. Ndipo sefa yong'ambika isinthidwe, pakuti ubweya wodutsa pong'ambikapo umapita molunjika kumene kuli elementi.

Ngati yanu ndi yapaipi, ikokeni pakhoma muone kumbuyo. Nyumba zathu zambiri kuno n'zopanikizika, ndiye timakankhira makina mpaka kukhoma, paipi n'kuphwanyika kapena kupindika. Paipi yaitali yokhotakhota imasunga ubweya ndi madzi m'makhota ake. Ichotseni, muikutumule, ndipo ngati n'kotheka ifupikitseni. Tulukaninso panja muone kachitseko kotulukira mpweya ngati kakutseguka makina akamayenda. Ngati yanu ndi ya condenser, tsegulani kachitseko ka m'munsi, musolole bokosi lija, mukalitsuke ndi madzi a shawa mpaka madzi azidutsa oyera. Izi zimafunika pafupifupi mwezi uliwonse, koma ndimapeza nyumba zambiri zimene eni ake sadziwa n'komwe kuti pali kachitseko pamenepo. Khuthulaninso thanki, chifukwa makina ena amaimitsa ntchito thanki ikadzaza kapena pampu yokwezera madzi ikatsekeka. A heat pump nawo ali ndi sefa yachiwiri m'munsimo, kawirikawiri ya siponji. Kumbuyo kwake kuli timapepala tachitsulo topyapyala, takuthwa, toyenera kupukutidwa mofatsa ndi burashi yofewa.

Zonsezi mungathe kuchita popanda kumasula sikuluwu n'imodzi yomwe. Zikatha, kutentha osabwerabe, pamenepo ndiye tiganize zotsegula. Koma dzifunseni kaye mafunso awiri. Kodi dryer ndi yanu kapena ndi ya eni nyumba? Ngati munaipeza m'nyumba ya lendi, alembereni eni nyumbayo uthenga musanaikhudze, ndipo uthengawo muusunge. Kodi ikadali pa galanti? Ngati ili pa galanti, kuitsegula kungakutayitseni ufulu wokonzeredwa mwaulere. Mukatsimikiza kuti udindo ndi wanu, zulani pulagi pakhoma. Sindikunena kuzimitsa pa batani la makina, kapena pa switchi ya soketi. Ndikunena kuzula, pulagiyo muiike pamene mukuiona ndi maso. M'nyumba ya anthu ambiri wina akhoza kuibwezera mosadziwa manja anu ali mkati. Ndipo ngati mtima wanu ukukayika, itanani wodziwa. Palibe chamanyazi pamenepo.

Pa makina ambiri elementi ili kumbuyo, pansi pa chivundikiro chachitsulo. Samalani m'mphepete mwa malata, amacheka. Musanazule waya aliyense, jambulani ndi foni, chifukwa pobwezera mutu umaiwala. Kenaka yang'anani ndi maso, nunkhizani ndi mphuno. Kodi pali ubweya wakuda wopserera pafupi ndi elementi? Kodi pali waya wosintha mtundu, pulasitiki yosungunuka, kapena cholumikizira chomasuka? Cholumikizira chomasuka chimatentha chokha mpaka kupsa, ndipo chimenecho chokha chikhoza kuletsa kutentha elementi ili yabwinobwino. Ngati thermal cut-out yanu ili ndi kabatani, pa makina ena akale kamaonekera kunja kumbuyo ndipo n'kofiira, kadineni makina atazizira. Mukamva kuti thapu, ndiye kuti kanagwa. Musasangalale msanga. Kugwa kwake n'chizindikiro chakuti mkatimo munatentha mopyola, ndipo muyenera kudziwa chimene chinachititsa.

Chida chimene chimathetsa kungoganizira ndi multimeter. Yotchipa ndi yokwanira pa ntchito imeneyi. Iikeni poyezera ma ohm, kapena pamene imalira mukagundanitsa timitengo take tiwiri, ndipo yambani mwagundanitsadi kuti mutsimikize kuti ikugwira ntchito. Zulani waya mmodzi pa kachipangizo kamene mukuyeza, apo ayi mita idzayeza njira ina yozungulira n'kukunamizani. Gunditsani timitengoto pa timiyendo tiwiri ta thermostat. Kachipangizo kabwino, kali kozizira, kamalola magetsi kudutsa: mita imalira, kapena imaonetsa nambala yoyandikira ziro. Kakufa sikaliza mita, ndipo pagalasi pamaoneka OL kapena 1 yokha kumanzere. Chitani chimodzimodzi ndi thermal cut-out. Mukapeza kuti cut-out yafa, ndi nzeru kusintha pamodzi ndi thermostat mnzake, chifukwa mwina thermostat ndiye anamatirira n'kulephera kuzimitsa elementi. Ogulitsa ambiri amagulitsa tiwiri pamodzi. Gulani pogwiritsa ntchito nambala ya makina anu, imene ili pa chomata mkati mwa chitseko kapena kumbuyo. Tizipangizoti timafanana maonekedwe koma timadula pa kutentha kosiyana, ndipo kongofanana nako sikokwanira.

Apa ndikufuna ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene mtima wanga umawawa. Pali chizolowezi pakati pa ife amisiri, ndi pakati pa abambo odziwa kugwira pulayala, chotenga mawaya awiri a cut-out n'kuwalumikiza okhaokha. Dryer imatentha nthawi yomweyo, mayi wa m'nyumba amathokoza, ndalama zimasungika. Amati n'zongoyembekezera, katsopano kakabwera tidzaika. Katsopanoko sikabwera. Ndikumvetsa kumene khalidweli limachokera: tinakulira kumene sipeya sapezeka, kumene mmisiri wabwino ndi amene amadzutsa chinthu chakufa ndi zimene zili pafupi. Luso limenelo ndimalilemekeza. Koma pa chinthu ichi n'losayenera. Mwachotsa chitetezo chomaliza pa makina amene angokuuzani kumene kuti akutentha mopyola, makina odzaza ndi ubweya wouma, oima m'khitchini pansi pa chipinda chogona ana. Mmisiri akakuuzani kuti wadumphitsa cut-out, musamulipire kufikira ataika yoyenera, ndipo makinawo musawayatse.

Nanga mpweya ukakhala kuti ukuyenda bwino, cut-out imagweranji? Chifukwa chofala ndi chizolowezi chathu chotsegula chitseko pakatikati kuti tigwire ngati zauma, kapena kuzimitsa makina chifukwa basi yatsala pang'ono kunyamuka. Fani imaima nthawi yomweyo koma elementi ikadali yofiira, kutentha n'kukwera pamalopo mpaka cut-out kugwa. Magetsi akathima mwadzidzidzi zimachitikanso chimodzimodzi. Kudzaza dramu mpaka pakamwa nakonso kumatsekereza mpweya. Ngati mukufulumira, tembenuzirani ku gawo la mpweya wozizira, mulole makina amalize okha.

Tifike ku elementi. Kuti mudziwe nambala imene mita iyenera kuonetsa, masamu ake ndi a Georg Ohm, mphunzitsi wa ku Germany amene anasindikiza lamulo lake mu 1827. Tengani ma volt, muchulukitse ndi iwo omwe, mugawe ndi ma watt a elementi. 230 kuchulukitsa ndi 230 ndi 52,900. Ngati elementi ndi ya ma watt 2,300, yankho ndi ma ohm 23. Choncho elementi yamoyo ya kukula kotere imaonetsa nambala ya m'ma 20. Koma dziwani kuti ma dryer ambiri kuno ali ndi elementi ya zigawo ziwiri, chimodzi cha kutentha kochepa, zonse pamodzi za kutentha kwakukulu. Chigawo chilichonse pachokha chimaonetsa nambala yokulirapo. Cha ma watt 1,150 chimaonetsa ma ohm 46. Yezani chilichonse pachokha. Chimodzi chikaduka, dryer imangofunda osatentha, ndipo mwini wake amaona ngati makina akungokalamba. Mita ikaonetsa OL, waya waduka, ndipo nthawi zambiri mukaunika mumapaona podukapo. Musaupotere pamodzi. Polumikizapo pamatentha kuposa pena paliponse ndipo padzadukanso, kapena waya adzakhudza chitsulo. Gulani elementi yatsopano.

Pali muyeso wina umene ambiri amaudumpha. Ikani kamtengo kamodzi pa mwendo wa elementi, kena pa chitsulo cha bokosi lake. Apa mita isalire ndipo isaonetse nambala. Ikaonetsa, ndiye kuti waya wamoto akukhudza thupi la makina, ndipo ndicho chimene chimagwetsa RCD, switchi yachitetezo ya m'bokosi la magetsi la m'nyumba, nthawi imene dryer yayamba kutentha. Multimeter wamba siona kudontha konse kwa magetsi. Amisiri ali ndi mita ina imene imayeza ndi ma volt 500. Choncho ngati RCD ikugwabe, aitaneni. Onaninso pulagi ndi soketi. Elementi ya ma watt 2,300 imakoka ma amp 10, kuonjezapo mota, kwa ola lathunthu kapena kuposerapo, pa pulagi imene malire ake ndi 13. Mano a pulagi akada, kapena pulasitiki ikachita chikasu pafupi nawo, sinthani zonse ziwiri. Ndipo dryer isalowe pa ekisitenshoni pamodzi ndi makina ochapira kapena ketulo. Ikhale pa soketi ya pakhoma yakeyake.

Zonsezi zikakhala bwino, zotsala ndi ziwiri. Makina atsopano ali ndi kachipangizo koyeza kutentha kotchedwa NTC, kamene nambala yake ya ma ohm imatsika kakamatenthedwa. Mukakafumbata m'manja mita ili pomwepo, nambala iyenera kutsika pang'onopang'ono. Ikangoima kapena kuonetsa OL, kafa. Chinacho ndi bolodi loyendetsa makina, pamene pali relay yoyatsa elementi, kapena taimala pa makina akale. Apa ine ndimati mwini nyumba aimire pomwepo, chifukwa kuyeza kwake kumafuna magetsi ali oyaka. Chimodzimodzi heat pump imene sefa zake ndi zoyera koma kompuresa sikumveka kulira: mapaipi a gasi musawakhudze. Ambiri atsopano ali ndi gasi wa R290, amene ndi propane, ndipo amayaka. Mukafika pa bolodi kapena pa kompuresa, funsani mtengo wokonzera musanavomere, muuyerekeze ndi msinkhu wa makinawo.

Mwina wina akuti ndikukokomeza za ubweya ndi moto. Mverani zimene zinachitika m'dziko lino. Mu 2014 kampani ya Whirlpool inagula kampani ya Indesit, ndipo mu November 2015 inalengeza kuti ma dryer apaipi ndi a condenser a maina a Hotpoint, Indesit ndi Creda, opangidwa kuyambira April 2004 mpaka September 2015, anali ndi vuto: ubweya unkatha kuunjikana n'kukhudza elementi. Ena a maina a Swan ndi Proline analinso m'gulu lomwelo. Makina oterewa anali oposa 5 miliyoni. Poyamba anthu anauzidwa kuti apitirize kugwiritsa ntchito bola akhale pafupi ndipo aziyeretsa sefa. Pa 19 August 2016, moto unabuka pa nyumba ya nsanjika 18 ya Shepherd's Court ku Shepherd's Bush, mu London, n'kukwera m'nsanjika zingapo, mabanja n'kusowa pokhala. A London Fire Brigade anapeza kuti unayambira mu dryer ya Indesit imene inali kudikira kukonzedwa. Mu February 2017 langizo linasintha, anthu anauzidwa kuzula pulagi, ndipo mu July 2019 kampaniyo inaitanitsa makina onse amene anali asanakonzedwe. Okonzedwa anawamata kadontho kobiriwira. Ngati makina otuluka m'fakitale, alonda ake onse ali m'malo, anatha kuyatsa nyumba chifukwa cha ubweya, nanga amene tawadumphitsa ndi waya?

Nkhaniyi ikutikhudza ife mwapadera, chifukwa ambiri tikangofika kuno timagula zogwiritsidwa kale ntchito, pa Facebook kapena kwa mnzathu amene akusamuka. Kalata yochenjeza imapita kwa amene anagula koyamba, kwa inu siifika. Makina ena a zaka zimenezo akadali m'makhitchini.

Ndionjezepo mawu kwa inu ogwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, inu a m'masaluni ndi inu ophika. Nsalu imene yamwa mafuta, kaya ophikira, opaka m'mutu kapena osisitira thupi, sitaya mafuta onse ikachapidwa kamodzi. Ikatuluka mu dryer ili yotentha n'kuunjikidwa mulu, mafutawo amatha kupitiriza kutentha okha mkati mwa muluwo mpaka kuyaka. Mu 2018 bungwe la boma loyang'anira mankhwala la MHRA linachenjezanso kuti mafuta opaka pakhungu louma akalowerera m'zovala ndi m'zofunda amazipangitsa kugwira moto msanga, ndipo kuchapa kumachepetsa koma sikuchotseratu. Nsalu zoterezi muzichape ndi madzi otentha monga mmene nsaluyo ingapirire, mulole dryer imalize gawo lake loziziritsa, ndipo muzitambasule musanazipinde. Dryer isayende inu muli m'tulo kapena mutachoka. Ndikudziwa kuti ena magetsi awo ndi otchipa usiku, ndikudziwanso kuti mashifiti satipatsa nthawi, koma moto wa usiku umapeza anthu asanadzuke.

Ena a inu mumatumiza katundu kumudzi pa kontena, ndipo dryer imakwera nawo, ya pa loji, ya pa saluni kapena ya nyumba imene mukumanga. Imakagwiradi ntchito, chifukwa Malawi ndi Britain amagwiritsa ntchito pulagi yofanana ya mano atatu ndi magetsi a ma volt 230. Koma dziwani zinthu ziwiri. Kumene magetsi amafika ofooka, kutentha kumatsika kwambiri kuposa mmene mungaganizire: elementi ya ma ohm 23 ija ikalandira ma volt 200 m'malo mwa 230, imapereka ma watt pafupifupi 1,740, kutaya gawo limodzi mwa magawo anayi. Mmisiri ayambe wayeza pa soketi asanaimbe mlandu elementi. Chachiwiri, magetsi akamathimathima makina ali pakati pa ntchito, cut-out imagwa kawirikawiri, ndipo pamenepo chiyeso chodumphitsa chimakula. Potumiza, gulani thermostat ndi cut-out zapadera za makina omwewo, muzimate m'kathumba mkati mwa dramu pamodzi ndi buku lake. Ndi zotchipa, ndipo mbale wanu akadzazifuna adzazipeza pafupi.

Pempho langa ndi ili. Mukafika kunyumba, tsegulani chitseko cha dryer, mulembe dzina ndi nambala zimene zili pa chomata. Kazifufuzeni pa mndandanda wa katundu woitanitsidwa pa GOV.UK kapena pa tsamba la Electrical Safety First, ndipo mulembetse makinawo m'dzina lanu kwa amene anawapanga, ngakhale munawagula kwa munthu. Mukapeza kuti ali pa mndandandawo ndipo sanakonzedwe, zulani pulagi usiku womwe uno, musawagulitse, ndipo musawakweze pa kontena. Amene ali ndi funso la makina ake andipeze tikatha pano, abwere ndi nambalayo.